Zotsatira za mass spectrometry zikabwera zosamveka, yambani mwafunsa zimene zinali m'kachubu

Mwatumiza kachubu ku labotale ya mass spectrometry, njira yoyezera kulemera kwa mamolekyu, mwadikira, kenako pabwera uthenga wa mizere iwiri wonena kuti molekyu yanu sinapezeke. Kapena pabwera spectrum (chithunzi cha zotsatira) yodzaza nsonga zambirimbiri, koma palibe ngakhale imodzi yogwirizana ndi nambala imene munawerengera. Anthu ofufuza mapuloteni nawo amalandira mndandanda wautali, pamwamba pake pali keratin ya pakhungu la munthu, puloteni imene amaifunayo ili pansi penipeni kapena kulibiretu. Zikatere maganizo amathamangira ku makina ndi kwa amene amawayendetsa. Makina amawonongekadi nthawi zina, koma a ku labotale amawayesa ndi mankhwala odziwika kale asanaike sampulo ya munthu aliyense. Kawirikawiri vuto limakhala kuti linalowa m'kachubu kanu musanakatseke. Ubwino wake ndi wakuti zoipitsa zambiri zimadziulula zokha mu spectrum momwemo, ndipo munthu wosunga manambala ochepa m'mutu atha kuziloza.

Makinawa sayeza molekyu monga ilili m'botolo. Amayeza ma-ion, mamolekyu amene alandira chaji n'kuuluka kuchoka m'chosungunulira, ndipo nambala imene amapereka ndi m/z, kulemera kogawidwa ndi chaji. Mu electrospray, njira imene John Fenn analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2002, sampulo imapopedwa kudzera pa kasingano kokhala ndi magetsi a ma-volt masauzande angapo n'kusanduka timadontho. Timadonthoti timauma, ndipo zimene zakhala pamwamba pake ndizo zimatenga chaji n'kulowa m'makina. Malo pamenepo ndi ochepa. Zili ngati khomo lopapatiza limene khamu likulimbirana: amphamvu amalowa, woitanidwa weniweni amatsala panja. Mchere, sopo ndi mapulasitiki osungunuka ndiwo amphamvuwo.

Nsonga yanu kulibe

Choyamba kukayikira ndi buffer, madzi osunga pH ya sampulo kuti isasinthe. Phosphate, Tris, HEPES, sodium chloride, EDTA, zonsezi sizisanduka nthunzi. Chosungunulira chikauma zimatsala, zimalanda chaji, ndipo zimaundana pakamwa pa makina mpaka kutseka njira. PBS, buffer ya phosphate, ndiye woipitsitsa chifukwa anthu amaiwala kuti ndi mchere: muli sodium chloride wokwana 137 mM, pamene molekyu yanu mwina ili 10 µM basi. Ma-buffer amene makina amalola ndi ouluka okha, monga ammonium acetate, ammonium formate ndi ammonium bicarbonate, ndipo ngakhale amenewo asachuluke. Ngati sampulo ili kale mumchere, ichotseni mchere musanatumize. Mamolekyu aang'ono ndi ma-peptide (tizidutswa ta mapuloteni) amagwira pa C18, timikanda toyeretsera sampulo, mchere n'kudutsa. Mapuloteni amafuna timikanda ta C4, dialysis kapena sefa yozungulitsa pa centrifuge. Sefa zatsopano zoterezi zimabwera ndi glycerol pang'ono, choncho zitsukeni kaye ndi madzi oyera.

Chachiwiri ndi TFA (trifluoroacetic acid). Amene amayeretsa mankhwala awo pa HPLC, makina olekanitsa mankhwala, amaukonda asidi ameneyu chifukwa amapangitsa nsonga za UV kukhala zosongoka bwino, koma mu electrospray amamatirira pa ma-ion anu n'kufafaniza chaji yawo. Formic acid wa 0.1% ndiye woyenera. Mukaona nsonga yaikulu pa m/z 113 mu chaji ya negative, nthawi zina limodzi ndi 227 ndi 249, dziwani kuti TFA sanachoke. Triethylamine amachita zofanana kumbali ya positive: amaoneka pa 102.13, ndipo akalowa m'mapaipi a makina amatenga nthawi yaitali kuti atuluke. A ku labotale sakhululuka msanga pa zimenezi, ndipo ine sindiwaimba mlandu, chifukwa sampulo za anthu ena onse zobwera pambuyo panu zimavutika nazo.

Zosungunulira za DMSO ndi DMF zimawira pa kutentha kwakukulu, sizuma msanga. Ngati mankhwala anu amasungunuka mu DMSO yokha, asungunuleni mochepa kwambiri momwemo kenako muwonjezere methanol kapena acetonitrile wochuluka mpaka DMSO itatsala pafupifupi 1% kapena kucheperapo, ndipo mulembe pa fomu yotumizira sampulo kuti ilimo. Hexane ndi toluene sizipopeka bwino mu electrospray.

Kenako pali kuchuluka. Ambiri akauzidwa kuti molekyu sinaoneke amatumizanso sampulo yokhuthala kuposa poyamba, ndipo apa ndi pamene zinthu zimaipiraipira. Pa molekyu yaing'ono yoyera, 1 mpaka 10 µg pa mL imakwana. Kachubu ka NMR, njira ina yoyezera mamolekyu, kamakhala ndi ma-milligram angapo mu theka la mL, kutanthauza kuti n'kokhuthala kuposa pamenepo kambirimbiri. Sampulo yotere imadzaza detector, imapanga ma-ion ophatikizana awiriawiri monga [2M+Na]+, imasokoneza kulondola kwa nambala, ndipo imatsalira mu column, kapaipi kolekanitsa mamolekyu asanayezedwe, n'kumaonekera mu sampulo za anzanu. Sampulo yauve ikakana kuoneka, kuisungunula kakhumi nthawi zambiri kumathandiza kuposa kuikhuthalitsa, chifukwa zolanda chaji nazo zimachepa kakhumi.

Kuchepa nako kulipo, koma kumabwera m'njira yobisika. Ma-peptide ndi mapuloteni ochepa amamatirira pa khoma la kachubu ndi pa nsonga ya pipette. Kusamutsa kulikonse kumadyako. Gwiritsani ntchito timachubu topangidwa kuti tisamatirire mapuloteni, ndipo musamasamutse popanda chifukwa. Ngati sampulo ili ndi matope kapena tizidutswa, izungulitseni pa centrifuge kapena muisefe pa 0.2 µm, koma funsani kaye ngati matopewo si molekyu yanuyo imene yakana kusungunuka.

Zonsezi zikakhala bwino, mwina njira yopatsira chaji siyikuyenera molekyuyo. Electrospray imakonda mamolekyu amene amalandira kapena kutaya proton mosavuta: ma-amine kumbali ya positive, ma-carboxylic acid, ma-phenol ndi ma-sulfonate kumbali ya negative. Hydrocarbon yopanda nitrogen kapena oxygen siyioneka ngakhale mutaiyeretsa bwanji. Imafuna njira zina zopatsira chaji: APCI, kapena EI kudzera pa GC-MS ngati imauluka ndipo imapirira moto. Ichi n'chifukwa chake labotale imapempha chithunzi cha kapangidwe ka molekyu, osati dzina lachidule limene munaipatsa nokha.

Nsonga ilipo, koma nambala siyikugwirizana

Apa nthawi zambiri sampulo ilibe vuto. Vuto lili pa kawerengedwe. Nambala yolembedwa pa botolo, kapena imene pulogalamu yojambulira mamolekyu imaika patsogolo, ndi kulemera kwapakati kwa ma-isotope onse, mitundu ya atomu imodzi yosiyana kulemera. Makina amaona isotope iliyonse payokha. Caffeine pa botolo ndi 194.19, koma molekyu yokhala ndi ma-isotope opepuka okhaokha imalemera 194.0804, ndipo ikalandira proton imaoneka pa 195.0877. Pa bromine kusiyanaku kumaonekera poyera. Bromobenzene pa botolo ndi 157.01, koma mu EI nsonga zazikulu zili pa 156 ndi 158, zotalika pafupifupi mofanana, ndipo pa 157 pali kansonga ka carbon-13 basi. Chlorine mmodzi amapereka nsonga ziwiri zotalikirana ndi 2, yoyamba yotalika katatu kuposa yachiwiri. Ngati molekyu yanu ili ndi bromine kapena chlorine koma maonekedwe amenewa palibe, nsongayo si yanu, ngakhale nambala itayandikira bwanji.

Molekyu simatenga proton yokha. Proton imawonjezera 1.007, ammonium 18.034, sodium 22.989, potassium 38.963. Caffeine yomweyo ikagwira sodium ili pa 217.0696. Choncho mukaona nsonga ziwiri zotalikirana ndi 21.982, muli ndi molekyu imodzi yovala proton ndi sodium. Zikatalikirana ndi 37.956 ndiye potassium. Kumbali ya negative, kupatula kutaya proton, molekyu itha kugwira chloride n'kukwera ndi 34.969, kapena formate n'kukwera ndi 44.998. Shuga ndi mamolekyu okhala ndi oxygen wambiri amakonda sodium kwambiri moti nsonga ya proton itha kusapezeka n'komwe. Sodium safunika kuthiridwa. Amachokera m'galasi la kabotolo, m'madzi osayera bwino ndi m'zala.

Nsonga ikakhala pansi pa imene mumayembekezera, werengani chimene chasowa. Kuchepa ndi 18.011 ndi madzi, ndipo ma-alcohol ambiri amawataya pakhomo pa makina. Gulu la Boc, lotetezera amine popanga mamolekyu, limagwa mosavuta, kusiya nsonga yochepa ndi 56 kapena 100. Izi sizitanthauza kuti ntchito yanu yopanga molekyu inalephera. Pemphani kuti achepetse mphamvu ya magetsi pakhomopo, muone ngati molekyu yathunthu ibwerera. Ikakhala pamwamba ndi 1, 2 kapena 3, dzifunseni ngati sampulo inadutsa mu D2O kapena methanol wa deuterium (hydrogen wolemera): hydrogen aliyense wa pa OH kapena NH amasinthana ndi deuterium n'kuwonjezera 1.006. Iumitseni, muisungunule mu methanol wamba, muumitsenso, ndipo hydrogen abwerera.

Onaninso mtunda wa pakati pa nsonga za ma-isotope. Zikatalikirana ndi 1, chaji ndi imodzi, ndi 0.5, chaji ndi ziwiri, ndi 0.33, zitatu. Peptide yolemera 2000 itha kuoneka pafupi ndi 1001 kapena 668, ndipo munthu woyang'ana pa 2001 yekha anena kuti kulibe.

Magazini ambiri a chemistry amafuna kuti nambala yoyezedwa isasiyane ndi yowerengera kupitirira 5 ppm, magawo 5 pa miliyoni. Pa caffeine zimenezo ndi pafupifupi 0.001. Pamlingo wotere ngakhale kulemera kwa electron imodzi, 0.00055, kumawerengedwa, choncho uzani pulogalamu yanu kuti ikuwerengera ion ya chaji, osati molekyu yopanda chaji yowonjezeredwa atomu ya hydrogen.

Mzere wa nsonga zotalikirana mofanana

Ili ndiye vuto limene limabwerera kwambiri, ndipo ndi losavuta kulizindikira kuposa onse. Spectrum imaoneka ngati phiri la nsonga, iliyonse yotalikirana ndi inzake ndi nambala imodzimodzi. Tengani nsonga ziwiri zoyandikana, muchotsere.

Mukapeza 44.026, ndi polyethylene glycol, PEG. Zikakhala ndi chaji ziwiri mtunda wake umaoneka ngati 22. PEG ali mu Triton X-100, Tween 20, NP-40 ndi Brij, sopo amene ali pafupifupi mu buffer iliyonse yophwanyira maselo. Alinso m'sopo wotsukira ziwiya zagalasi ndi m'mafuta odzola m'manja. Kuipa kwake n'kwakuti C18 samuchotsa. Mchere umadutsa pa C18, koma PEG amagwira limodzi ndi ma-peptide anu n'kutuluka nawo nthawi imodzi, kuphimba chilichonse pakati pa chromatogram. Anthu ambiri amakhulupirira kuti ZipTip kapena StageTip (nsonga ya pipette yokhala ndi C18) imayeretsa zonse, ndipo pamenepa ndi pamene amagwa. Sopo ayenera kuchotsedwa puloteni isanadulidwe, idakali yaikulu: poigwetsa pansi ndi acetone wozizira pa −20 °C, pogwiritsa ntchito chloroform ndi methanol monga mwa njira ya Wessel ndi Flügge ya mu 1984, poiyendetsa pang'ono mu gel n'kudula kachidutswako, kapena poimata pa timikanda ta maginito monga mwa njira ya SP3. Chabwino koposa n'kusamuika n'komwe. Ngati sopo ndi wofunika, sodium deoxycholate amagwa pansi mukathira asidi ndipo amachotseka, RapiGest amasweka ndi asidi, ndipo pa mapuloteni a pa khungu la selo DDM ndi octyl glucoside amalolereka kuposa Triton.

Mukapeza 58.042, ndi polypropylene glycol. Mukapeza 74.019, ndi silicone, wochokera ku girizi wa pa zolumikizira zagalasi, ku zivindikiro za timabotolo zobooledwa kambiri, kapena ku timachubu topakidwa silicone. Kansonga ka pa 445.120 kokha kasakudetseni nkhawa: silicone ameneyu ali mumpweya wa m'chipinda chilichonse, ndipo ma-labotale ambiri amamugwiritsa ntchito powongolera makina.

Palinso zoipitsa zoima zokha. Nsonga za pa 391.284, 413.266, 279.159 ndi 149.023 ndi ma-phthalate, mankhwala ofewetsera pulasitiki. Ya pa 338.342 ndi erucamide, amene amaikidwa m'pulasitiki kuti aziterera. Zimenezi zimabwera mukaika chloroform, dichloromethane kapena asidi wamphamvu m'chiwiya cha pulasitiki, mukatunga asidi ndi pipette ya pulasitiki m'botolo limene aliyense amatungamo, mukasunga methanol m'botolo lofinya, kapena mukaphimba kabotolo ndi Parafilm chosungunulira n'kumukhudza. Lamulo lake ndi lachidule: zosungunulira zamphamvu m'galasi, ma-peptide m'pulasitiki wabwino. Timachubu ndi nsonga za pipette zodutsa mu autoclave nazo zimatulutsa zoipitsa, ndipo makina sasamala za tizilombo, choncho tengani zatsopano m'paketi.

Kuti mudziwe pamene uve unalowera, njira ndi imodzi: blank. Tengani kachubu kopanda sampulo, mukadutsitse m'njira yonse, ndi zosungunulira zomwezo, sefa yomweyo, manja omwewo, mutumize limodzi. Ngati 44 ali mu blank, wachokera kwa inu kapena m'mabotolo anu. Ngati mulibe, anabwera ndi sampulo.

SDS, sopo winanso, sapanga mzere wotere, koma amapha chizindikiro ngakhale atakhala 0.01% yokha, ndipo amaoneka pa 265.15 mu negative. Amachotsedwa ndi njira zomwe zija, kapena ndi FASP ndi S-Trap zimene zinapangidwira ntchito imeneyi.

Mndandanda wa mapuloteni wabwera wopanda pake

Keratin 1, 2, 9 ndi 10 zikakhala pamwamba pa mndandanda, ndiye khungu ndi fumbi. Keratin pang'ono amapezeka pafupifupi mu sampulo iliyonse ndipo si nkhani. Amakhala nkhani pamene puloteni yanu ndi yochepa, chifukwa makina amasankha ma-peptide ochuluka kuti awaswe, ndipo nthawi imene athera pa keratin siyibwerera. Valani magolovesi a nitrile, muwasinthe mukagwira foni, chitseko kapena nkhope. Juzi ya ubweya wa nkhosa imathothola keratin wake wake. Malo oopsa kwambiri ndi gel: kabokosi kopakira utoto kamene kanagwirapo ntchito ya western blot (kupeza puloteni ndi antibody) kamakhala ndi casein ya mkaka ndi albumin, galasi la scanner ndi lodzaza zala, ndipo gel yosiyidwa yosavindikira imatola fumbi lonse la m'chipinda. Kabokosi kakhale katsopano ndi kovindikira, lezala likhale latsopano.

Podula gel, dulani pafupi kwambiri ndi mzere wa puloteni. Gel yopanda kanthu imangomwa trypsin, enzyme yodula mapuloteni kukhala ma-peptide, ndi kutsekera ma-peptide. Kachidutswako kaduleni tizidutswa ta pafupifupi 1 mm, koma musakanyenye kukhala phala, chifukwa tizinyenyeswa timatseka column. Utoto wa Coomassie ulibe vuto. Wa siliva uli nalo ngati muli glutaraldehyde, amene amamangirira mapuloteni mu gel osatulukanso. Gulani wolembedwa kuti ndi woyenera mass spectrometry. Mzere woonekera pa western blot koma osaoneka pa Coomassie kapena siliva usakupatseni chiyembekezo chachikulu: antibody amaona puloteni imodzi pakati pa zikwi, pamene makina amaona zonse zimene zili pamalopo, ndipo zochuluka ndizo zimatsogola.

Ma-peptide akakhala ochepa, kapena ambiri ali ndi malo amene anayenera kudulidwa koma sanadulidwe, trypsin sinagwire bwino ntchito. Trypsin imadula pambuyo pa lysine ndi arginine, kupatula pamene proline akutsatira, ndipo imafuna pH ya pafupifupi 8. Sampulo yogwetsedwa ndi TCA (trichloroacetic acid) imatsala ndi asidi, ndipo ngati simunaitsuke bwino ndi acetone, ammonium bicarbonate wa 50 mM sangathe kukweza pH. Dontho limodzi pa kapepala koyezera pH limapulumutsa ntchito yonse. Urea wa 8 M amatambasula mapuloteni bwino, koma ayenera kutsitsidwa kufika pansi pa 2 M, makamaka pafupi ndi 1 M, trypsin isanalowe. Guanidine amafuna kutsitsidwa kuposa pamenepo. Mankhwala oletsa ma-protease amene munathira pophwanya maselo, monga PMSF ndi AEBSF, amaletsanso trypsin ngati sanachoke. Muyezo wa trypsin umakhala gawo limodzi pa magawo 20 mpaka 100 a puloteni. Mukapitirira, imayamba kudzidula yokha, ndipo nsonga za pa 842.51, 1045.56 ndi 2211.10 zimakula kuposa zanu. Muyezowu sungatheke popanda kudziwa kuchuluka kwa puloteni, ndipo apa samalani: njira yoyezera ya BCA imasokonezeka ndi DTT, mankhwala omasula ma-disulfide, ndipo ya Bradford imasokonezeka ndi SDS.

Pali kutayika kwina kumene kumachitika trypsin itagwira bwino ntchito. Ma-peptide sagwira bwino pa C18 ngati pH ili pamwamba kapena ngati muli acetonitrile wambiri. Thirani asidi mpaka pH itsike kufika 2 kapena 3, acetonitrile akhale pansi pa 5%, ndipo musataye madzi odutsa mpaka zotsatira zitabwera.

Nthawi zina ma-peptide alipo koma pulogalamu yowafufuza siyikuwazindikira chifukwa asinthika. Urea akatenthedwa, kapena akakhala wosungunulidwa kale kwa masiku, amatulutsa cyanate amene amamatirira pa lysine ndi pamutu pa peptide, kuwonjezera 43.006 ndi kutsekereza trypsin. Musungunuleni tsiku lomwelo ndipo musamutenthe. Iodoacetamide amatseka cysteine n'kuwonjezera 57.021, amawonongeka ndi kuwala, choncho amakonzedwa nthawi yomweyo ndi kugwira ntchito mumdima kwa mphindi 20 mpaka 30. Achuluke kuposa kuwirikiza kawiri DTT, chifukwa DTT aliyense amadya awiri. Koma akachulukitsa kapena kukhalitsa amayamba kugwira malo ena, ndipo awiri akagwira lysine mmodzi amawonjezera 114.043, nambala yofanana ndendende ndi chizindikiro chimene ubiquitin imasiya. Amene akufufuza ubiquitin ndi bwino agwiritse ntchito chloroacetamide. Acrylamide wotsalira mu gel amawonjezera 71.037 pa cysteine, oxygen amawonjezera 15.995 pa methionine, ndipo kudula usiku wonse pa pH yokwera kumasandutsa asparagine kukhala aspartate, kuwonjezera 0.984. Zonsezi pulogalamu itha kuzifufuza, koma pokhapokha itauzidwa.

Pa immunoprecipitation, kukoka puloteni ndi antibody, antibody yemweyo ndiye amadzaza mndandanda, zidutswa zake za 50 kDa ndi 25 kDa. Mumangirireni pa timikanda, ndipo kutsuka komaliza kukhale kopanda sopo, m'kachubu katsopano. Popanda sampulo yofananizira, monga IgG wamba kapena maselo opanda chizindikiro chimene mukukokera, mndandandawo sungamasuliridwe: actin, tubulin, HSP70 ndi mapuloteni a ribosome amamatirira pa timikanda tilitonse. Maselo olera mu serum ya ng'ombe atsukeni kangapo ndi PBS musanawaphwanye, apo ayi albumin ya ng'ombe itenga malo. Amene akukonzekera TMT, mankhwala oika zizindikiro pa ma-peptide, akumbukire kuti Tris ndi ammonium bicarbonate zimadya mankhwalawo. HEPES kapena TEAB ndizo zoyenera pamenepo.

Puloteni yathunthu yalemera mosiyana

Puloteni yosadulidwa imatenga chaji zambiri. Lysozyme ya dzira la nkhuku, yolemera 14,305, imaoneka pafupi ndi 1431.5 ikakhala ndi chaji 10, ndipo pulogalamu ndiyo imabweza nambala imodzi. Pano kulemera kwapakati ndiko kumagwira ntchito. Kusiyana kukakhalapo, kuwerengeni. Kuchepa ndi 131 ndi methionine woyamba amene selo yachotsa. Disulfide iliyonse imachotsa 2. Lysozyme ili nazo 4, choncho ikamasulidwa imakwera ndi 8. Kukwera ndi 42 ndi acetyl, ndi 80 ndi phosphate womangika, ndi 98 kawirikawiri ndi phosphate kapena sulfate wa mu buffer wongomatirira, ndi 76 ndi mercaptoethanol. Mapuloteni a His-tag opangidwa mu E. coli nthawi zina amakwera ndi 178 kapena 258 chifukwa cha gluconoyl pamutu pawo. Nsonga ikakhala yotambalala yokhala ndi mchira wa 22, 44, 66, ndi sodium. Imidazole ndi glycerol zichoke musanatumize, ndipo puloteni ya 1 mpaka 10 µM imakwana. MALDI, njira ina yopatsira chaji, imapirira mchere pang'ono kuposa electrospray, ndipo TFA sayivutitsa, koma matrix (mankhwala oumitsira limodzi ndi sampulo) ikhale yoyenera: sinapinic acid pa mapuloteni, CHCA pa ma-peptide. Ikakana kuuma n'kupanga timiyala, kawirikawiri muli glycerol kapena sopo.

Fomu ndi ulendo

Fomu yolembedwa mwaulesi imawononga sampulo yabwino. Mawu akuti "ili mu buffer" sathandiza aliyense. Lembani chilichonse chimene chili m'kachubu ndi muyezo wake, komanso chilichonse chimene chinalimo poyamba, ngakhale mukukhulupirira kuti munachichotsa. Munthu akadziwa kuti munali Triton atha kuyeretsa kapena kukuchenjezani. Akapanda kudziwa, amazindikira column itawonongeka kale. Pa molekyu yaing'ono perekani formula, kapangidwe, chimene imasungunukamo, chimene imawonongeka nacho, ndi ngati imaopa mpweya, kuwala kapena asidi. Pa mapuloteni tchulani chamoyo chimene anachokera, chifukwa pulogalamu imangopeza zimene zili mu database imene yapatsidwa. Puloteni yopanga nokha ili ndi tag, zolumikizira ndi zosintha zimene mu database ya UniProt mulibe, choncho tumizani mndandanda wake weniweni wa ma-amino acid. Nenaninso funso lanu: kutsimikiza kuti puloteni ndi iti, kupeza pamene pali phosphate, ndi kuyerekeza kuchuluka pakati pa magulu ndi ntchito zitatu zosiyana, ndipo kakonzedwe kake kamasiyana kuyambira pophwanya maselo. Kufunsa a ku labotale kumathandiza musanayambe, osati sampulo zitauma kale.

Zoopsa zonse zinenedwe: poizoni, radiation, tizilombo toyambitsa matenda. Ma-labotale ambiri salandira zamoyo zopatsirana zisanaphedwe m'njira yovomerezeka. Zolemba zikhale pambali pa kachubu ndi pa chivindikiro pomwe, zazifupi ndi zofanana ndi za pa fomu. Inki imasungunuka ndi methanol, ndipo tepi wamba imamatuka pa −80 °C.

Paulendo, chouma ndicho chimapirira. Ma-peptide oumitsidwa ndi mankhwala olimba amayenda bwino popanda kuzizira, tizidutswa ta gel timayenda m'madzi oyera pang'ono kapena mu acetic acid wa 1%. Mapuloteni osungunuka ndi maselo amafuna dry ice (carbon dioxide wolimba), amene amakhala pa −78.5 °C ndipo amatha pang'onopang'ono, choncho ikani wokwanira masiku owonjezera ndipo musatumize kumapeto kwa sabata. Bokosi lisatsekedwe mothina chifukwa mpweya wake umafuna potulukira, ndipo pa ndege limalembedwa UN1845. Timachubu tokha titsekeni mwamphamvu, makamaka ta chivindikiro chopota, popeza carbon dioxide akalowa amatsitsa pH ndipo mapuloteni ena amaundana. Gawani sampulo musanaiumitse ndi chisanu, mutumize gawo limodzi, lina litsale mufiriza pamodzi ndi blank yake.